Nkhongole yoyamba ndi dzina la mlimi

Mwezi wa Okutobala ukafika, ambiri mwa ife amene tinaphunzira pano timayamba kufunafuna ndalama zogulira mbeu, feteleza ndi zolipirira olima ndi ng'ombe. Thandizo la FISP silifika kwa aliyense, ndipo kumene lafika silikwanira munda wonse. Motero funso la nkhongole limabwera. Tisanasaine pepala lililonse, tiyenera kudziwa kuti nkhongole yoyamba imatsegula kapena kutseka zitseko za zaka zambiri zotsatira.

Kale, mbiri ya munthu wobweza kapena wosabweza inkadziwika ndi amfumu ndi anansi okha. Lero imalembedwa. Dziko lathu lili ndi lamulo la Credit Reporting Act la caka ca 2018, ndipo Bank of Zambia ndiyo imayang'anira mabungwe osunga mbiri za okongola, monga TransUnion. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ovomerezeka amatumiza kumeneko dzina la wokongola, nambala ya NRC yake, ndalama imene anatenga, ndiponso ngati anabweza panthawi yake. Munthu akapempha nkhongole kwina, obwereketsa amayamba aona mbiri imeneyi. Nkhongole yaing'ono ya pa foni imene tinainyalanyaza ingathe kutilepheretsa kupeza ndalama ya pampu yothirira patapita zaka. Lamulo lomweli limatipatsa ufulu woona zimene zinalembedwa za ife ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe.

Njira zokongolera zimene zili pafupi nafe n'zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake. Gulu la banki ya m'mudzi kapena la SILC ndilo poyambira pabwino: ndalama ndi zathu zomwe, ciwongoladzanja cimabwerera kwa mamembala pogawana, ndipo buku la gulu ndi umboni woti tikhoza kuonetsa. Makampani a thonje ndi a mbeu amapereka zipangizo pankhongole, nadula mtengo wake pogula zokolola. Apa ciyeso cacikulu ndi kugulitsa mseri kwa ogula ena amene awonjezako pang'ono. Mlimi wotero amapindula tsiku limodzi, koma caka camawa dzina lake silikhalanso m'kaundula, ndipo nthawi zina gulu lake lonse limavutika naye. Palinso nkhongole za boma zodzera m'mabanki, monga SAFF imene inayamba mu 2023, ndi za CEEC. Zimenezi zimafuna akaunti, mapepala oyenera ndi mbiri yoyera. Khadi ya nkhongole ya ku banki imayenera makamaka aja a ife amene analembedwa nchito ya malipiro a pamwezi. Imathandiza pa mafuta a njinga yamoto ndi zina za nchito ngati tibweza ndalama yonse tsiku lisanakwane. Tikamangolipira kacigawo kocepa kamene banki yachula, ciwongoladzanja cimakula mwezi ndi mwezi.

Za kaloba tinene mosabisa. Tiyerekeze kuti takongola K3,000 mu Novembala kuti tidzabweze mu Meyi. Pa ciwongoladzanja ca 24 peresenti pacaka, miyezi isanu ndi umodzi iwonjezapo K360. Kwa wakaloba wofuna 30 peresenti pamwezi, miyezi yomweyo iwonjezapo K5,400, ndiye kuti tidzabweza K8,400. Palibe munda wa soya kapena wa nshawa wolimidwa ndi K3,000 umene ungasenze katundu wotere. Komanso wakaloba salemba ubwino wathu kulikonse: tingabweze mokhulupirika, koma mbiri yathu ku banki sikula.

Tisanavomere, tifunse mafunso anayi. Kodi ndalama yonse yobweza, pamodzi ndi zolipira zina, ndi zingati? Kodi tsiku lobweza likugwirizana ndi nthawi yogulitsa, poti mlimi salandira malipiro pamwezi, ndipo ndalama za zokolola zimatha kucedwa? Kodi cikole n'ciani, ndipo a m'banja avomereza? Ng'ombe kapena ngolo si za mwamuna yekha. Cotsiriza, kodi cidzacitike n'ciani mvula ikakana? Cilala ca nyengo ya 2023/24, cimene boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024, cinaonetsa kuti funsoli si lacabe. Poyerekeza zokolola tiwerengere caka capakati, osati caka cabwino koposa.

Uphungu wathu ndi wakuti nkhongole yoyamba ikhale yaing'ono, yoti tingaibweze ngakhale pogulitsa mbuzi imodzi kapena ziwiri. Ipite ku cinthu cobala ndalama, osati ku cikondwerero kapena foni yatsopano. Tisunge malisiti ndi mauthenga a pa foni osonyeza kulipira, ndipo ndalama za munda zikhale ndi buku lakelake. Tisabwereke munthu wina NRC yathu kapena nambala yathu ya foni kuti akongolerepo, pakuti iye akalephera, dzina lodetsedwa ndi lathu. Tikaona kuti sitikwanitsa, tipite kwa obwereketsa tsiku lisanafike kukapempha kuti tikonzenso nthawi yobweza. Ambiri amamvera munthu wobwera yekha kuposa amene amcita kufunafuna.

Amene akonzeka kukongola nyengo ino abwere ndi mapepala awo ku ofesi ya sukulu yathu asanasaine, kuti tiwerenge pamodzi mzere uliwonse.