ANA OBADWA MASIKU ASANAKWANE ANGATHE KUKHALA NDI MOYO

Mwana wobadwa pakati pasanakwane masabata 37 atchedwa wobadwa masiku asanakwane. Ena mwa ana otere safika ndi kilogalamu imodzi ndi theka yomwe. Lipoti la bungwe la WHO la chaka cha 2012 lidasonyeza kuti m'Malawi ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa motere, kupambana maiko ena onse. Kale anthu ambiri ankataya mtima akaona kamwana kotere, koma tsopano kwadziwika kuti ambiri angathe kukula ngati athandizidwa msanga.

ADANI ATATU

Mdani woyamba ndiye chisanu, pakuti mwanayo alibe mafuta m'thupi osunga kutentha. Wachiwiri ndiye kubanika, popeza mapapo ake sadakhwime ndipo afwafwala nthawi iliyonse pamene atulutsa mpweya. Wachitatu ndiye njala, chifukwa alibe mphamvu yoyamwa. M'chipatala anamwino aphunzitsa mayi kufinya mkaka wake, naupatsa mwana ndi kakapu kapena kapaipi kolowa m'mphuno, maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku.

MAKINA A PUMANI

Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pamodzi ndi akatswiri a ku Rice University ku America, adakonza makina otchedwa Pumani. Makinawa akankha mpweya pang'onopang'ono m'mphuno mwa mwana kuti mapapo akhale otseguka. Atawayesa m'chaka cha 2012, ana obanika 71 mwa 100 adapulumuka, pamene mwa amene adangopatsidwa okosijeni adapulumuka 44 okha. Pambuyo pake makinawa adagawidwa m'zipatala za maboma.

NJIRA YA KANGARU

Njira imeneyi idayamba ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978, ndipo kuno idayamba pa chipatala cha Zomba mu 1999. Mwana avala thewera ndi chipewa chokha, namangidwa ndi chitenje pachifuwa pa mayi wake, khungu kukhudza khungu. Kafukufuku wa m'maiko asanu, Malawi ali momwemo, adasonyeza mu 2021 kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa kudapulumutsa mwana mmodzi mwa anayi amene akadafa. Mayi akatopa, bambo kapena agogo amlandire, palibe chamanyazi.

Nzoona kuti mwa ana osafika kilogalamu imodzi ambiri atayika ngakhale m'chipatala. Amene apulumuka afunika kupita nawo kusikelo kawirikawiri kuti awapime maso, makutu ndi kakulidwe.

ULENDO WA KUCHIPATALA

M'boma la Kasungu midzi yambiri ndi maesiteti a fodya zili kutali ndi chipatala. Mwana angathe kuzizidwa m'njira, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi, nafika kuchipatala atafooka kale. Tsono akabadwira kumudzi asasambitsidwe. Apukutidwe, avekedwe chipewa, aikidwe pachifuwa, osati kumbuyo, ndipo ulendo uyambike pomwepo, osadikira kuti atuluke m'chikuta. Chipatala chaching'ono chidzamtumiza ku chipatala cha boma cha Kasungu, ndipo matenda akakula adzapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mlimi aliyense wa fodya adziwa kuti mbande za kunazale zifuna udzu wophimbira ndi madzi tsiku ndi tsiku zisanawokedwe kumunda. Mwana wotere afuna chisamaliro choposa pamenepo.

Malungo, kuchepa kwa magazi, matenda opatsirana pogonana ndi kutenga pakati msungwana akadali wamng'ono ndi zina mwa zimene zichititsa mwana kubadwa msanga. Chifukwa chake mayi wapakati ayambe sikelo msanga, agone m'masikito, ndipo wokhala kutali apite kukadikirira kuchipatala. Eni maesiteti athandize ndi galimoto pamene mkazi wa tenanti wadwala. Aphunzitsi ndi mafumu apemphedwa kuwerengera anthu awo nkhaniyi pa misonkhano.