KUSANKHA SUKULU NDI UTOTO WA NTCHITO YOKONZA ZIKHADABO

Ntchito yokonza zikhadabo yafika kwathu. Kale inali ya m'mizinda, monga Quelimane, Nampula ndi Blantyre. Lero tikuiona m'masaluni ndi m'misika ya kuno ku Milange. Atsikana akuigwira. Anyamata akuigwiranso. Pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa Khirisimasi anthu amafuna manja ooneka bwino, ndipo amalipira.

Chifukwa cha ichi ana athu ambiri akupempha ndalama zoti akaphunzire ntchitoyi. Ndalamazo zimachokera ku nandolo, ku chimanga, ku soya kapena ku mbuzi. Ndi thukuta la chaka chonse. Tisanazitulutse tiyenera kudziŵa zinthu ziŵiri: tikaphunzire kwa yani, ndipo tigule utoto wanji. Mwa ziŵirizi, choyamba ndicho chachikulu. Botolo la dzina lotchuka silingakonze dzanja losaphunzira.

Ntchitoyi ili ndi magawo atatu

Gawo loyamba ndi kuŵenga zikhadabo, kuzipala, kuzitsuka ndi kupaka utoto wamba. Utoto umenewu ena amati vernizi, ena amati kyutekisi. Umauma wokha ndi mphepo. Sufuna magetsi. Kwa mayi amene amalima ndi kuchapa umakhala masiku ochepa okha.

Gawo lachiŵiri ndi jelo. Jelo sauma ndi mphepo. Amalimba akaikidwa pansi pa nyale yake yapadera. Amakhala masabata aŵiri kapena atatu. Nyaleyo imafuna magetsi, batire kapena sola.

Gawo lachitatu ndi zikhadabo zoikirira. Zina amamata ndi guluu. Zina amaumba posakaniza ufa ndi madzi ake, ndipo zimatchedwa akiliriki. Gawo limeneli ndilo lovuta, ndilonso lodula.

Tiyambe tadzifunsa: tidzagwirira kuti ntchitoyi? Wokagwirira ku Majaua kapena ku Mongue, kumudzi kopanda magetsi, ayambe ndi gawo loyamba. Wokhala m'tauni ya Milange angathe kuonjezerapo jelo. Kulipira maphunziro a chinthu chimene sitidzatha kuchigwira kwathu ndi kutaya ndalama.

Mphunzitsi wabwino amayamba ndi ukhondo

Chikhadabo cha kudzanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pa mwezi. Chikazuka, china chimatenga miyezi ngati 6 kuti chikwane. Cha chala chachikulu cha kuphazi chimatenga chaka kapena kuposerapo. Tsono cholakwa cha mphindi imodzi munthu amayenda nacho miyezi yambiri, ndipo mudzi wonse umachiona.

Pali choopsa china chosaoneka ndi maso. Chitsulo chikacheka khungu chimatenga magazi. Kachirombo ka matenda a chiŵindi otchedwa hepatitis B kamakhala kamoyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposerapo. Chitsulo chosatsuka chingathe kutenga kachiromboka kwa munthu wa m'maŵa ndi kukapereka kwa munthu wa madzulo.

Motero mphunzitsi weniweni amaphunzitsa izi ophunzira asanagwire botolo la utoto:

1. Kusamba m'manja ndi sopo munthu aliyense asanakhale pampando.
2. Kutsuka zitsulo ndi sopo ndi burashi, kenaka kuziŵiritsa mphindi 20 kuyambira pamene madzi aŵira.
3. Kukhala ndi zitsulo magulu aŵiri, kuti zina zikamaŵira zina zizigwira ntchito.
4. Kutaya kopalira kapepala kakagwira munthu mmodzi, kapena kumpatsa mwini wake.
5. Kusadula kachikopa ka patsinde pa chikhadabo. Kachikopako ndi mpanda wotsekereza tizirombo.
6. Kusapala zikang'a ndi lumo.

Amaphunzitsanso kudziŵa munthu woyenera kumubweza. Chala chotupa cha mafinya, chikhadabo chobiriŵira kapena chofumbutuka, zilonda za pakati pa zala ndi matekenya, zonsezi ndi za kuchipatala. Phazi la munthu wa matenda a shuga limafuna kusamala koposa, chifukwa kabala kakang'ono kamachedwa kupola. Wokonza zikhadabo si dokotala. Kubisa matenda ndi utoto ndi kuwakulitsa.

Mphunzitsi amene tsiku loyamba akuonetsa maluŵa ojambula pa zala, osanena kanthu za ukhondo, ameneyo timusiye.

Tikafunse kuti?

M'dziko lathu la Mozambique muli bungwe la ANEP. Ntchito yake ndi kuvomereza sukulu za ntchito zamanja ndi maphunziro ake. Mulinso IFPELAC, bungwe la boma lophunzitsa ntchito zamanja m'zigawo za dziko. Kuno kuboma la Milange tingathe kuyambira ku ofesi ya zamaphunziro ndi achinyamata, yotchedwa SDEJT. Tifunse kuti maphunziro okonza zikhadabo akupezeka kuti, ndipo sukulu imene tamva ili ndi chilolezo kapena ayi.

Ena mwa ife amaoloka pa Muloza kukaphunzira ku Mulanje, ku Limbe kapena ku Blantyre, chifukwa chilankhulo ndi chimodzi. Ku Malaŵi bungwe loyang'anira sukulu zotere ndi TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999. Wopita kumeneko afunse ngati sukuluyo idalembetsedwa ku TEVETA. Afunsenso kuno, asanapite, ngati setifiketi ya kumeneko idzalandiridwa akadzafuna ntchito ku Mocuba kapena ku Quelimane.

Pali njira yachitatu, yophunzira pamanja kwa mwini saluni. Njirayi ndi yakale, monga mwana wophunzira kwa telala kapena kwa kalipentala. Imathandiza ngati mwini saluniyo ali waukhondo. Koma pakhale pangano lolembedwa: miyezi ingati, ndalama zingati, aphunzira chiyani. Popanda pangano mwana angathe kutha chaka akusesa ndi kutunga madzi.

Mafunso asanu ndi aŵiri tisanalipire

Akulu adati safunsa adadya phula. Tipite kusukuluko ndi miyendo yathu, tione ndi maso athu, tifunse izi:

1. Chilolezo chanu chili kuti? Tichione, tichiŵerenge.
2. Maphunziro ndi a masiku angati, ndipo pa masikuwo tidzakonza manja a anthu angati?
3. Ophunzira angati amagwiritsa ntchito nyale imodzi?
4. Pa ndalama izi, zipangizo zilimo kapena tidzagula patokha?
5. Pamapeto pali mayeso a ntchito ya manja, kapena setifiketi imangoperekedwa?
6. Amene adamaliza kuno ali kuti? Tikacheze nawo.
7. Kodi tikalipira mutipatsa risiti ya chidindo?

Funso lachiŵiri ndilo lofunika koposa. Luso limeneli limaloŵa m'zala pobwereza. Maphunziro a masiku atatu angathe kuthandiza munthu wodziŵa kale, wofuna kuonjezera njira imodzi. Woyamba kumene sangaphunzire zonse m'masiku atatu.

Tichenjerenso ndi anthu olengeza maphunziro pa Facebook ndi pa WhatsApp, amene amati titumize ndalama pa foni tisanaone nkhope yao. Tisalipire sukulu imene khomo lake sitidaliloŵe.

Maina a utoto

Dzina loti kyutekisi lidachokera ku Cutex, kampani imene Northam Warren adayambitsa ku America mu 1911. Dzinalo lidafala mpaka anthu adayamba kuitana utoto uliwonse motero. Revlon idayamba mu 1932. CND idayamba mu 1979, ndipo mu 2010 idatulutsa Shellac. OPI idayamba mu 1981. Ku Brazil kuli Risqué, Colorama ndi Impala, ndipo mabotolo ake amalembedwa m'Chipwitikizi. Ku South Africa kuli Bio Sculpture, imene mayi Elmien Scholtz adayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Makampani ena, monga Bio Sculpture, amagulitsa jelo wao kwa anthu okhawo amene adawaphunzitsa. Ubwino wake ndi woti munthu amaphunzira njira imodzi bwinobwino. Kuvuta kwake ndi koti amamangika ku dzina limodzi. Botolo likatha ayenera kuligula kwa iwo omwewo, ngakhale ali kutali. Nchifukwa chake kusankha sukulu ndi kusankha utoto kumayendera pamodzi. Tifunse mphunzitsi kuti: utoto umene mukutiphunzitsirawu tidzaugula kuti, ndipo ulendo wake udzadya ndalama zingati?

Dzina labwino kwa ife ndi limene likupezeka pafupi chaka chonse, lolembedwa zonse pabotolo, ndiponso limene anthu a kwathu angathe kulipira.

Tiŵerenge botolo

M'misika muli mabotolo ambiri oba maina a eni ake. Kunja amaŵala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Botolo la dzina lotchuka likamagulitsidwa pa mtengo wa mtolo wa nkhuni, tidziŵe kuti si lenileni.

Pabotolo loona timapeza mau aŵa:

*Ingredientes*: zimene zili m'katimo.
*Lote*: nambala ya gulu limene botololo lidapangidwira.
*Validade*: tsiku lomaliza kugwira ntchito.
*Fabricante*: amene adapanga, ndi kumene ali.

Nthaŵi zina pamakhala chithunzi cha kachitini kotsekula, kolembedwa 12M kapena 24M. Ndiye kuti tikatsekula, utotowo ugwira ntchito miyezi 12 kapena 24. Katundu wotha nthaŵi kapena wachinyengo tingathe kukamunena ku ofesi ya zachuma ya boma lathu, SDAE, kapena kwa oyendera malonda a boma.

Tikumbukire zilembo zitatu izi.

MMA ndi madzi ena oumbira akiliriki. Ndi otchipa, onunkha mobaya mphuno. Chikhadabo chake chimalimba ngati mwala, ndipo sichifeŵa msanga mu asetoni. Chikakola pa mpini wa khasu kapena pa ndowa sichithyoka, koma chimazula chikhadabo chenicheni. Boma la America lidachotsa pamsika mankhwala a zikhadabo a MMA yekhayekha m'zaka za m'ma 1970. Madzi oyenera amalembedwa EMA.

HEMA amapezeka mu jelo wambiri. Akakhudza khungu kaŵirikaŵiri asanalimbe, thupi limayamba kudana naye. Zala zimayabwa, zimatupa, zimasenda. Thupi likadana naye silisinthanso, ndipo wokonza zikhadabo angathe kusiya ntchito chifukwa cha ichi. Kuyambira mu 2021 maiko a mgwirizano wa ku Ulaya amalola jelo wa HEMA kwa ophunzira ntchitoyi okha. Tsono jelo asagunde khungu. Tivale magolovesi. Nyale ikhale yogwirizana ndi jelo wake, chifukwa nyale yofooka imalimbitsa pamwamba pokha, pansi pali posapsa.

TPO ndi mankhwala othandiza jelo kulimba. Maiko omwewo a ku Ulaya adaletsa TPO mu zodzola kuyambira pa 1 Seputembala 2025. Ngati pali mabotolo aŵiri, tisankhe lopanda TPO.

Asetoni, amene timachotsera utoto, amayaka msanga ngati petulo. Akhale kutali ndi mbaula, koloboyi ndi fodya. Mabotolo onse akhale pamthunzi, otseka, pamwamba posafika ana. Tigwire ntchito pakhonde kapena pawindo lotsekula.

Tiŵerengere ndalama

Mitengo ili pansiyi ndi yongoyerekeza, kuti tiphunzirepo masamu.

Botolo loyamba lagulidwa mametikali 60. Lapaka anthu 10 kenaka lauma. Munthu mmodzi wadya mametikali 6.

Botolo lachiŵiri lagulidwa mametikali 200. Lapaka anthu 40. Munthu mmodzi wadya mametikali 5.

Lotchipa ndi liti? Patsiku logula ndi loyamba. Pamapeto ndi lachiŵiri. Ndipo ngati utoto wa loyambalo wasenda tsiku lachiŵiri, mayi uja sabweranso, ndipo auza anzake kuchigayo.

Tikhale ndi kope. Tilembe dzina la botolo, tsiku logula ndi mtengo wake. Tikapaka munthu tiike kamzere. Zogula ndi makwacha tizisinthe pa kopepo kukhala mametikali, kuti tidziŵe phindu lenileni. Pakatha miyezi itatu kope lidzatiuza dzina loyenera kuposa wogulitsa aliyense.

Poyamba sitifuna mitundu makumi atatu. Tigule utoto wapansi, utoto wapamwamba woŵalitsa, ndi mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi imene anthu a kwathu amakonda. Botolo latsopano tiliyese sabata imodzi pa zala zathu tisanapake olipira. Nyale, jelo ndi akiliriki zidzabwera ndi phindu. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Ndalama zikachepa, tidule pa mitundu ya utoto. Tisadule pa maphunziro, pa sopo ndi pa zitsulo.

Mau oti tilembe m'kope

chikhadabo, chilolezo, pangano, risiti, ukhondo, phindu, *validade*, *lote*

Mafunso okambirana pagulu

1. Tchulani magawo atatu a ntchito yokonza zikhadabo. Ndi gawo liti lingagwirike m'mudzi mwanu?
2. Kodi zitsulo timaziŵiritsa mphindi zingati? Chifukwa chiyani?
3. Mwana wanu akufuna kukaphunzira ku Blantyre. Mufunsa chiyani asanapite?
4. Botolo la mametikali 150 lapaka anthu 30. Munthu mmodzi wadya mametikali angati?
5. Maŵa aliyense abweretse botolo la utoto, la mafuta odzola kapena la mankhwala a tsitsi. Tidzapeze pamodzi pamene palembedwa tsiku lake lomaliza.