Galu wa pakhomo adye motani?

Chisilamu chimatilola kusunga galu wolondera munda, ziweto kapena wosakira nyama. Koma ukamusunga, chakudya chake chili pamutu pako. Mtumiki (mtendere ukhale pa iye) anatiuza za munthu amene anakhululukidwa machimo chifukwa chomwetsa madzi galu waludzu. Ndiye kudana ndi malovu ake kusatichititse kumusiya ndi njala.

Kuno kunyanja agalu ambiri ndi owonda, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zatha. Galu wanjala ndi amene amaba usipa pathandala, kudya mazira ndi anapiye, kuthyola chimanga chachiwisi ndi kuyendayenda usiku, komwe amakalumana ndi agalu achiwewe. Wonenepa kwambiri nayenso alibe phindu. Kutentha kwathu kuno amangopuma wefuwefu pamthunzi, anyani akukolola m'munda. Miyendo imamupweteka ndipo sakhalitsa.

Sikelo yake ndi maso ndi dzanja lanu. Mugwireni m'mbali, mudzasamba pambuyo. Nthiti zizimveka mosavuta koma zisamaoneke muli patali. Mukamuyang'ana kuchokera pamwamba, m'chiuno mukhale molowa pang'ono. Ngati nthiti ndi mafupa a msana zikuwerengeka, wonjezerani chakudya. Ngati mukuchita kudinikiza kuti mupeze nthiti, chepetsani.

Galu wamkulu wa makilogalamu 15, monga ambiri a m'midzi muno, muyambe naye chonchi: mitanda iwiri ya nsima ya mgaiwa ndi usipa kapena matemba odzadza dzanja kawiri pa tsiku. Mugawe pawiri, m'mawa ndi madzulo. Pakatha masabata awiri mugwirenso nthiti, muone ngati mpofunika kusintha. Wopita kosaka kapena wolondera munda waukulu amafuna zochulukirapo, wokalamba zocheperapo. Tiana ta agalu tidye katatu kapena kanayi pa tsiku. Galu woyamwitsa amadya kawiri ngakhale katatu kuposa masiku onse, musamuyese wadyera.

Nsima yokha, makoko kapena madeya zimadzadza mimba koma sizimanga thupi. Pafunika nsomba, mazira kapena nyama pang'ono. Nsomba ziphikidwe, zopanda mchere wambiri. Minga ya chambo ndi kampango, komanso mafupa a nkhuku ophika, zimabaya pakhosi ndi m'matumbo. Anyezi ndi adyo zimawononga magazi a galu, choncho msuzi wochuluka zimenezi musamupatse.

Chenjeraninso ndi chimanga kapena madeya a chuku. Ambiri timati chowola n'cha agalu, koma chuku chili ndi poizoni wowononga chiwindi. M'chaka cha 2024 ku Zambia agalu pafupifupi 400 anafa chifukwa cha chakudya cha chimanga chotere. Chimene simungadyetse mwana chifukwa chawola, galunso musamupatse.

Ngati galu akudya bwino koma sakunenepa, kawirikawiri ndi njoka za m'mimba kapena nkhupakupa. Pitani kwa alangizi a ziweto akupatseni mankhwala. Galu wamkulu amwe mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse, ndipo katemera wa chiwewe asaphonye chaka chilichonse.

Mbale yake ikhale yakeyake, kutali ndi ziwiya zathu ndi malo oswalira. Madzi abwino asasowe tsiku lonse. Mugwirizane munthu mmodzi womudyetsa, chifukwa aliyense akamaponya kake, kapena aliyense akamaganiza kuti mnzake wamupatsa, muyeso umasokonekera.

Pomaliza, mwezi wa Ramadhani ukafika kumbukirani kuti galu samanga swaumu. Masana moto sukoledwa, choncho mumusungire gawo lake pa daku ndi pomasula. Wakulonderani usiku wonse, nayenso alandire zake. Allah atipatse chifundo pa zolengedwa zake zonse.