NSOMBA ZIKAFA USIKU, TIYAMBE TAFUNSA ZA MPWEYA

Muno m'boma la Rufunsa ulimi wa nsomba suli wacilendo tsopano. Boma, ndi thandizo la African Development Bank, linayamba nchito yotukula ulimi umenewu yochedwa ZAEDP mu 2017, ndipo Rufunsa inali limodzi mwa madera osankhidwa. Koma pali dandaulo limene timamva kwa alimi anzathu: madzulo nsomba zinali kudya bwino, kutaca zapezeka zitayandama, mimba m'mwamba. Ena amathamangira kunena za ufiti, ena amaloza cala mnansi kuti wathira mankhwala m'dziwe. Cibale cimatha, pamene nthawi zambiri cimene capha nsomba ndi kusowa kwa mpweya m'madzi.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tione zimene amacita anthu osunga nsomba zokongoletsa nyumba. M'mizinda ikuluikulu muli anthu amene amasunga tinsomba m'bokosi la galasi, nabzalamo zomera za m'madzi mpaka bokosilo lioneka ngati kadimba. Amene anachukitsa luso limeneli ndi Takashi Amano wa ku Japan, yemwe anayambitsa kampani ya Aqua Design Amano mu 1982 ndipo anamwalira mu 2015.

Zomera za m'bokosi zimafuna mpweya wa carbon dioxide. Uwu ndi mpweya umene timatulutsa popuma, umene ambiri timauchula kuti mpweya woipa. Ndi womwewo umene umacita thovu mu Fanta ndi m'mowa ukamawira. Kwa zomera si woipa ai. Zikalandira kuwala, zimautenga pamodzi ndi madzi n'kupanga cakudya cawo, ndipo zimatulutsa okosijeni, mpweya umene anthu ndi nsomba timakhalira moyo.

M'bokosi lodzaza zomera carbon dioxide amatha msanga, conco mwini wake amagula silinda yacitsulo ya mpweyawu. Mphamvu ya mpweya m'silindamo imaposa ya m'tayala la galimoto kokwana ka 20, motero sungalowe m'madzi mwacindunji. Pakamwa pa silinda amamangapo regulator yocepetsa mphamvuyo, kenaka kampopi kakang'ono kotsegula pang'onopang'ono. Mpweya umadutsa m'kabotolo ka madzi kuti munthu athe kuwerenga timathovu, nufika pa kamwala ka timabowo kamene kamauphwanya kuti usungunuke m'madzi. M'bokosimo amapacikamo kagalasi ka mankhwala osintha mtundu. Akakhala a buluu, mpweya wacepa. Akakhala obiriwira, wakwana, ndiko kuti pafupifupi mamiligalamu 30 pa lita imodzi ya madzi. Akasanduka acikasu, wapitirira, ndipo nsomba zili pangozi.

Cimene tifuna mugwiritse ndi ici: usiku mpweyawo amautseka. Ambiri amaika wochi ya magetsi imene imatseka yokha nyali zisanazime. Cifukwa cake n'cakuti mumdima zomera zimaleka kutenga carbon dioxide ndi kutulutsa okosijeni. Zimangopuma monga ife, kulimbirana okosijeni ndi nsomba. Woiwala kutseka akhoza kudzuka nsomba zake zitafa.

Dziwe lanu lilibe silinda, koma lamulo ndi lomweli. Zomera za m'dziwe ndi ndere zing'onozing'ono zimene zimabiriwitsa madzi, ndipo ndizo cakudya ca nsomba za mtundu wa bream. Manyowa a nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe amene timathira amameretsa nderezo. Koma manyowa akamaola amadya okosijeni ndi kutulutsa carbon dioxide, usana ndi usiku, ndipo alibe kampopi kotsekera. Masana dzuwa limathandiza, ndere zimadzaza madzi ndi okosijeni. Dzuwa likalowa, nsomba, ndere, manyowa ndi gaga wotsala pansi, zonse zimadya okosijeni yemweyo popanda wobwezera. Nthawi yoopsa kwambiri ndi m'bandakuca, tambala woyamba atalira.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Madzi ofunda amasunga okosijeni wocepa: pa madigiri 20 amasunga pafupifupi mamiligalamu 9 pa lita, koma pa madigiri 30 amasunga 7 ndi theka cabe. N'cifukwa cake mwezi wa October, pamene kwatentha ndipo madzi aphwa m'maiwe, ndi wofunika kusamala. Cimodzimodzi m'dzinja, mitambo ikaphimba dzuwa masiku awiri kapena atatu otsatana, ndere sizigwira bwino nchito.

Nanga mlimi acite ciani? Coyamba, yesani madzi ndi mkono wanu. Viikani mkono mpaka pa cigongono. Mukaona cikhatho bwinobwino, madzi ndi osabereka, onjezani manyowa pang'ono. Cikhatho cikamaoneka mwacizimezime, muyezo wakwana. Cikasowa mkono usanalowe n'komwe theka, lekani kuthira manyowa. Madzi obiriwira kwambiri amakondweretsa maso, koma akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Caciwiri, manyowa musamwaze dziwe lonse nthawi imodzi. Aikeni m'kakhola ka mitengo pangodya ya dziwe, kapena m'thumba lomangirira ku mtengo, kuti madzi akabiriwira muthe kulivuula. Thumba limenelo ndiye kampopi kanu.

Cacitatu, pitani ku dziwe dzuwa lisanatuluke. Mukapeza nsomba zili pamwamba, zikuyasama ngati zimwa mpweya, dziwani kuti zikubanika. Zikabwerera pansi dzuwa likangotuluka, limenelo ndi cenjezo. Zikakhalabe pamwamba, tsegulani mfuleni kuti madzi atsopano alowe, tungani madzi ndi ndowa n'kumawatsanulira m'mwamba kuti agwe mowaza, ndipo tsiku limenelo musathire gaga kapena manyowa. Musanyengedwe ndi mlamba. Iwo uli ndi ciwalo copumira mpweya wa kunja, conco ukhoza kupulumuka pamene bream zikutha.

Cacinai, dyetsani nsomba dzuwa litakwera ndiponso masana, osati m'mamawa kwambiri kapena usiku, ndipo patsani cakudya cimene zingathe kumaliza. Musaunjike ana a nsomba m'dziwe laling'ono pofuna phindu lalikulu. Madzi akasintha mwadzidzidzi kucoka pa kubiriwira n'kukhala oderako ndi onunkha, ndere zafa ndipo zayamba kuola. Pamenepo musadikire m'mawa, sinthani madzi tsiku lomwelo.

Magulu amene ali ndi dziwe limodzi, kaya a mphakati kaya a kopaletivu, angacite bwino kugawana masiku kuti tsiku lililonse pakhale munthu woyendera dziwe m'bandakuca ndi kulemba m'kabuku zimene waona. Kabuku kameneko kadzathandiza alangizi a za nsomba a ku boma pamene mwapita kukafunsa nzeru, pakuti safunsa anadya phula.

Sitikana kuti anthu oipa mtima alipo, ndipo matenda a nsomba nawo alipo. Koma tisanapite kwa a nyakwawa kukasumira mnansi, tiyambe tafunsa: tinathira manyowa oculuka bwanji sabata ino, kunja kunaca bwanji, ndipo ndani anaona dziwe dzuwa lisanatuluke?