Wina Pachifuwa, Wina Padzanja: Kupita ku Sikelo ndi Ana Awiri

Tsiku la sikelo likafika, mayi amene ali ndi khanda la masabata 6 komanso mwana wa zaka ziwiri amatopa asanatuluke n'komwe pakhomo. Ayamwitse wakhanda, asambitse wamkulu, amudyetse phala, afunefune mabuku a kuchipatala. Pamene akuti anyamuke, wakhanda waipitsa thewera, wamkulu uja wavula nsapato ndipo akulira kuti nayenso amubereke. Dzuwa lakwera. Amayi ena amangoti, "Basi, ndidzapita mwezi wamawa."

Mwezi wamawa umenewo ndi umene umatidetsa nkhawa ife alangizi a zaumoyo. Tikamayendera mabanja amene ana awo adumphitsa katemera, kawirikawiri sitipeza mayi wokana katemera ayi. Timapeza mayi amene ali yekha, ndi ana awiri, katundu komanso mtunda wautali. Anzanga achinyamata, nkhaniyi ndi yanu. Ena mwa inu ndinu makolo kale, ndipo ena muli ndi achemwali, alamu kapena anansi amene akuvutika chonchi inu mukuona.

N'chifukwa chiyani ulendowu suyenera kulephereka?

Mwana akangobadwa amalandira katemera wa chifuwa chachikulu ndi wa poliyo. Akatuluka m'chikuta, masiku ofunika kwambiri ndi pamene wakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Apa amalandira katemera womuteteza ku poliyo, kafumbata, chifuwa chokoka mtima, matenda a chiwindi ndi chibayo. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011, ndipo wa matenda otsegula m'mimba a rota mu 2012. Wa chikuku amabwera pa miyezi 9 ndi 15.

Wamkulu uja naye asaiwalike. Ayenera kukwera sikelo mpaka atakwanitsa zaka zisanu, ndipo miyezi 6 iliyonse alandire vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Nthawi imene kwabwera khanda ndi imene mwana wamkulu amanyentchera mosavuta, chifukwa bere wasiya ndipo maso a aliyense ali pa mng'ono wake. Mawu akuti kwashiorkor, amene achipatala amatchulira matenda otupikana, anachokera m'chilankhulo cha Ga cha ku Ghana, ndipo amanena za matenda amene amagwira mwana akabadwa mng'ono wake. Choncho osamusiya kunyumba mwezi ndi mwezi poganiza kuti wakula.

Kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV, tsiku la masabata 6 ndi lofunika koposa. Ndi tsiku limene khanda amalitenga magazi kuti aone ngati lili ndi kachilombo, ndipo limayamba kumwa Bactrim woliteteza ku matenda ena. Mwanayo amadzayezedwanso akakwanitsa miyezi 12 ndi 24. Chiyambire 2011, dziko la Malawi limapereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka. Koma mankhwala amathandiza munthu amene wafika kukatenga. Mayi akalephera ulendo n'kukhala masiku osamwa, kachilombo kamachulukanso m'thupi ndipo kangathe kupita kwa mwana kudzera mu mkaka.

Konzekani usiku

Ulendo wa mawa umayamba lero. Musanagone ikani m'chikwama mabuku a kuchipatala atatu: la mayi, la khanda ndi la wamkulu. Onjezerani matewera atatu kapena anayi, zitenje ziwiri zapadera, kabudula wosinthira wa wamkulu, kasopo, jumbo yoikamo zonyowa ndi ambulera. Ngati pali mankhwala amene nthawi yake yomwera idzakupezani panjira, aikeni m'thumba lomwelo.

Wamkulu mutengereni kamba monga nthochi kapena mbatata yophika, ndi botolo la madzi owiritsa kapena othira Waterguard. Mtedza wosasinja ndi chimanga chokazinga musamupatse, chifukwa zingamutsamwe. Wakhanda safuna kamba. Mpaka miyezi 6 chakudya chake ndi bere lokha, osaonjezera madzi ngakhale kutatentha bwanji. Muyamwitseni musananyamuke, ndipo nyamukani m'mawa dzuwa lisanawawe.

Kunyamula khanda

Khosi la khanda silinalimbe, choncho mutu wake uyenera kuchirikizidwa nthawi zonse. M'masabata oyambirira ndi bwino kumunyamula kutsogolo, pachifuwa, atamangidwa bwino ndi chitenje. Mukatero mumamuona nkhope, amafundidwa ndi thupi lanu, ndipo manja anu amatsala kuti mugwire wamkulu. Onetsetsani kuti mphuno ndi pakamwa sizinatsekeke, komanso kuti chibwano sichinapindikire pachifuwa chake. Muvekeni chipewa, koma musamukwirire mutu wonse ndi bulangete. Dzuwa mutchingireni ndi ambulera.

Mayi amene wangochira kumene asabereke ana awiri nthawi imodzi, makamaka ngati anachira kudzera pa opaleshoni. Thupi limafuna masabata osachepera 6 kuti libwerere m'chimake.

Wamkulu panjira

Mwana wa zaka ziwiri sadziwa kuti galimoto imapha. Akaona mbuzi kutsidya kwa msewu amathamangira komweko. Mugwireni pamkono osati zala zokha, popeza zala zimapulumuka. Kuno kwathu magalimoto amayenda kumanzere, ndiye inu yendani kumanja kuti muziona galimoto imene ikubwera kutsogolo kwanu. Mwana akhale mbali ya kutchire, inu mbali ya kumsewu.

Kumbukiraninso kuti miyendo yake ndi yaifupi. Mtunda umene inu mumayenda mphindi 30, ndi iye mungayende ola lathunthu, ndipo pena adzangokhala pansi n'kukana kudzuka. Kumumenya sikufupikitsa njira. Mupatseni kantchito, monga kunyamula kapu yake, ndipo muzimuuza kuti akuperekeza mng'ono wake. Mwana amene dzulodzuloli anali yekha kumsana kwa mayi ake amamva nsanje, ndipo zimenezi si kupulupudza.

Minibasi ndi kabaza

M'minibasi pewani mpando wa kutsogolo ndi wa pakhomo. Potsika, munthu wamkulu ayambe ndiye, kenako atsitse mwana n'kumugwira mpaka galimoto itachoka. Pa njinga ya kabaza, mapazi a mwana wamng'ono amalowa m'masipoko mosavuta, choncho pakhale munthu womugwira. Kukwera njinga yamoto mayi, khanda ndi mwana wina nthawi imodzi n'kuika miyoyo itatu pachiswe. Dzanja limodzi silingagwire ana awiri njinga ikagwa m'dzenje.

Mukafika ku chipatala

Pamzere khalani patali ndi anthu amene akutsokomola, ndipo khanda lisamangoyenda m'manja mwa aliyense. Sambani m'manja ndi sopo mukasintha thewera komanso musanadyetse wamkulu. Khanda likafuna bere, liyamwitseni pomwepo popanda manyazi.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira mzere kapena tsiku la sikelo: khanda likakana kuyamwa, likatentha kapena kuzizira thupi, likamapuma mothamanga kapena movutikira, likakomoka, likachita chikasu, kapena pamchombo pakatuluka mafinya. Uzani anamwino nthawi yomweyo. Dziwani kuti kiliniki ya m'mudzi imathandiza ana oyambira miyezi iwiri mpaka zaka zisanu. Khanda losakwana miyezi iwiri likadwala, pitani nalo ku chipatala.

Mayi nayenso apimidwe pa ulendo womwewu, ndipo afunse za njira zolera. Achipatala amalangiza kudikira zaka zosachepera ziwiri chibadwire mwana musanatenge pathupi pena. Musanachoke, funsani tsiku lobweranso ndipo pemphani ngati n'kotheka kuti masiku a mayi ndi a ana onse awiri akhale amodzi.

Kodi kalabu yanu ingachitepo chiyani?

Malangizo onsewa amapepuka pakakhala munthu wachiwiri. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Woyamba kuperekeza ayenera kukhala bambo wa anawo. Anyamata, kubereka mwana wanu kapena kunyamula chikwama cha matewera sikuchotsa ulemu. Amene angakusekeni panjira sadzakuthandizani kugona m'chipatala mwana akadwala chikuku.

Pamene bambo palibe, kalabu ingathandize. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu masiku a sikelo ndipo muwalembe pa bolodi. Gawanani awiriawiri, mupite kwa amayi amene ali ndi khanda ndi mwana wina wamng'ono, muwafunse mwaulemu kuti, "Mayi, kodi tingakuperekezeni ku sikelo Lachitatu?" Wina abereke wamkulu, wina anyamule chikwama. Ngati mayi wavomera, wina angatsale pakhomo kutunga madzi ndi kusesa.

Chinthu chimodzi musaiwale: woperekeza amasunga chinsinsi. Musatsegule buku la kuchipatala la munthu, musafunse kuti walowa chipinda chiti kapena walandira mankhwala anji, ndipo zimene mwaona zithere komweko. Mayi akamva kuti nkhani yake yafika pa mjigo, sadzalolanso kuperekezedwa, mwinanso sadzapitanso ku chipatala.

Zokambirana pa msonkhano wanu wotsatira

1. Kodi m'mudzi mwanu muli amayi angati amene ali ndi khanda komanso mwana wosakwana zaka zitatu?
2. Kodi n'chiyani chimalepheretsa anyamata kuperekeza akazi awo ku sikelo, ndipo tingachithetse bwanji?
3. Ndani mwa inu adzipereke kuperekeza mayi mmodzi mwezi uno?