Kukafunsira Ntchito Yoyesa Zoonongeka

Inshuwalansi, imene kuno ku Tete timaitcha seguro, ndi pangano. Munthu amapereka ndalama pang'ono, ndipo tsoka likamugwera kampani imamulipira. Kampani yotere ndi EMOSE, imene boma lidakhazikitsa mu 1977. Koma kampani siilipira msanga ayi. Imayamba yatuma munthu kukaona zimene zaonongeka. Ntchito imeneyi mwana wa mlimi angathe kuifunsira.

Tsiku la mafunso nyamulani chitupa, satifiketi ya sukulu ndi cholembera. Adzakufunsani m'Chipwitikizi, choncho yeserani manambala m'chilankhulocho.

Chachikulu ndi masamu a kumunda. Mukukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana adasefukiza mtsinje wa Revúbuè? Angakufunseni za munda wotero: mlimi amakolola matumba 20, madzi atenga theka, wataya angati? Matumba 10. Musathamange, lembani kaye. Dziwaninso kuti chimanga chogwa ndi madzi chimagonera mbali imodzi, chodzaza matope. Chosapalira chimangoima m'udzu, chowonda ndi chachikasu. Chimenecho kampani siilipira.

Funso lovuta ndi ili: "Nanga mundawo ukakhala wa amalume anu?" Apa ambiri amachita chibwibwi. Inu nenani kuti mudzauza abwana atume munthu wina.