Ndalama ya sukulu kwa wofuna kupanga mapologalamu a ana

Mu 2005, ku America anakhazikitsa thumba la ndalama lotchedwa Fred Rogers Memorial Scholarship, pokumbukira bambo amene ankacheza ndi ana pa kanema kuyambira 1968 mpaka 2001. Thumbalo linali la ophunzira okhawo ofuna kugwira ntchito ya mapologalamu a ana. Kwathu kuno, mtsikana kapena mnyamata wa kwa Mfumu Yaikulu Malemia ku Nsanje amene ali ndi khumbo lomweli amalowera pakhomo limodzi ndi ofuna uphunzitsi, unamwino kapena zaulimi. Ndi bwino alidziwe khomolo asanalembe Fomu 4.

Zonse zimayamba ndi MSCE: makerediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Kenako bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira m'mayunivesite a boma, limalengeza nthawi yofunsira malo. Utolankhani amaphunzitsa ku MUBAS ku Blantyre, sukulu imene ambiri akuitchulabe kuti Poly. Ku UNIMA ku Zomba kuli maphunziro a zofalitsa nkhani ndi a zisudzo, komanso wailesi ndi kanema wa Chanco momwe ophunzira amayeserera ntchito. Ku MIJ amapereka masatifiketi ndi madipuloma, ndipo nawo ali ndi wailesi yawo.

Malo ukawapeza, nkhani ya fizi imagwera ku bungwe la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Bungweli limapereka thandizo la mitundu iwiri. Pali ndalama yosabweza ya ophunzira ochepa okhoza kwambiri, ndipo pali ngongole ya osowa, yomwe ndiyo ambiri amalandira. Apa makolo amvetsetse: imeneyi si mphatso ya boma. Pakatha zaka ziwiri mwana atamaliza sukulu, ngongole imayamba kubwezedwa, ndipo lamulo limauza abwana ake kudula pamalipiro. Ndalama zobwezedwazo n'zimene amabwereka ena obwera m'mbuyo. Wothawa ngongoleyi amatsekera njira mng'ono wake yemwe.

Kufunsira n'kwa pa intaneti, chaka chilichonse, ndipo tsiku lotsekera likadutsa, kudandaula sikuthandiza. Bungweli limathandiza okhawo amene ali pa sukulu ndi pa maphunziro ovomerezedwa ndi NCHE, choncho amene wasankha koleji yoyima payokha afunse kaye asanalipire ngakhale tambala.

Kwa ife a kuchigwa, pamene pamavuta kwenikweni ndi pa mapepala. Madzi osefukira a mu 2015, a namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 sanakokolole mapira ndi mbuzi zokha. Anapitanso ndi ziphaso, masatifiketi ndi zikalata za imfa za makolo, zomwe ndi umboni woti mwana ndi wosowadi. Chiphaso cha unzika chimakonzedwa ku NRB, ndipo ofesi yake ili pa boma la Nsanje pompano. Za zotsatira za mayeso, eni ake ndi a MANEB ku Zomba. Ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya kwa DC, pamodzi ndi amfumu a m'mudzi, ndiwo amadziwa mabanja ovutika, ndipo kwa mwana wa ku sekondale n'komweko kumene amafunsira basale ya khonsolo. Zonsezi zikonzedwe mvula isanayambe, ndipo pepala lililonse lijambulidwe pa foni.

Wina afunsa: kulowa m'ngongole chifukwa cha nthano ndi nyimbo za ana? Ine ndikuti n'koyenera. Pologalamu ya Tikwere, yomwe inkamveka pa MBC m'makalasi a ku pulayimale, inaonetsa kuti wailesi imaphunzitsa. A bungwe la Timveni ku Lilongwe aonetsa kuti ana atha kugwira okha maikolofoni. Koma mwana wa ku Nsanje amayamba kuganiza ndi kuseka m'Chisena, ndipo womupangira pologalamu yomufika pamtima ndi amene anakula akumva nthano m'chiyankhulo chomwecho. Ntchitoyi ilinso ndi malamulo ake. Lamulo loteteza ana la mu 2010 limaletsa kuulula dzina kapena nkhope ya mwana amene nkhani yake ili kukhothi, ndipo mtolankhani wosaphunzira atha kumuononga mwana akuyesa akumuthandiza.

Podikira zotsatira za MSCE, wachinyamata asangokhala pakhomo. Wailesi ya Nyanthepa ili pa Nsanje pomwepa, Gaka FM ili ku Bangula. Apite akapemphe kuthandiza nawo, ngakhale kungosonkhanitsa ana a sukulu kuti adzayimbe kapena kuponyerana zilapi, ndipo asunge zonse zimene wajambula, chifukwa olemba ntchito m'nyumba zoulutsira mawu amafuna kumva zimene munthu anapangapo kale.